Mota ndi jenereta sizingadzipangire magetsi aulere

Nkhani iyi yanditopetsa. Zaka zonsezi anthu akunenabe kuti mukalumikiza mota ku jenereta, jeneretayo n'kumabwezera magetsi ku mota, zizingozungulira mpaka kalekale popanda batire.

Sizitheka. Makina amenewa salenga mphamvu, amangoisintha: mota imasandutsa magetsi kukhala kuzungulira, jenereta imachita mobwerera. Posinthapo ina imatayika. Mawaya a kopa amatentha, chitsulo cham'kati chimatenthanso, tizitsulo tozungulirapo timakhulana. Mota kaya ikhale yabwino bwanji, siibweza 100 peresenti.

Dzionereni nokha. Khudzani mota imene yayenda mphindi 10, mumva kufunda. Imeneyo ndi mphamvu yothawa. Kapena yezani mawati (muyezo wa mphamvu ya magetsi) olowa ndi otuluka. Vidiyo ya makina otere yosaonetsa miyezo imeneyi musaitumize kwa ena, pena batire amalibisa pansi pa thabwa lomwe aikapo makinawo.