Si Maphunziro Okonza Makompyuta

Anthu ambiri akamva kuti wina akuphunzira uphunzitsi wothandiza pa zipangizo zamakono m'sukulu, amangoti akuphunzira kukonza makompyuta. Ayi ndithu, imeneyo ndi ntchito ya amisiri.

Maphunzirowa kwenikweni ndi a kaphunzitsidwe. Ndondomeko ya UNESCO (nthambi ya bungwe la United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe) ya luso la aphunzitsi pankhaniyi, yomwe inatuluka mu 2008 n'kukonzedwanso mu 2011 ndi 2018, imakhudzanso silabasi ndi mayeso omwe.

Taganizirani mphunzitsi wa masamu amene ana m'kalasi mwake magalafu akuwavuta. Amene anaphunzira ntchitoyi amakhala naye pansi, n'kumuonetsa mmene mwana angasinthire nambala pakompyuta n'kuona mzere ukupendekeka nthawi yomweyo. Tsiku lina amamuuza mosabisa kuti phunziro lalero choko n'chokwanira, makinawo asayatsidwe.