Musanasiye kudya nyama, dziwani izi

Ambiri amene amasiya nyama amatero pomvera chisoni ziweto zimene zimaunjikidwa m'makola othinana a m'mafamu akuluakulu. Chisonicho n'chomveka, koma si umboni woti zakudya zochokera ku zomera zokha zimachiritsa matenda, ngakhale pa intaneti nkhani ziwirizi zimasakanizidwa. Pamene kasamalidwe ka ziweto kamakhudzadi thanzi lathu ndi pa mankhwala. Mu 2017 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza alimi kuti aleke kupatsa ziweto zosadwala maantibayotiki (mankhwala opha mabakiteriya) pongofuna kuti zikule msanga, chifukwa zimenezi zimachititsa kuti tizilombo tisiye kumva mankhwala.

Mu 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa, ya IARC, inalengeza kuti nyama zokonzedwa monga soseji ndi hamu zimayambitsa khansa ya m'matumbo. Kudya magalamu 50 tsiku lililonse kumakweza chiopsezocho ndi 18 peresenti. Mukamva wina akunena kuti soseji ndi yoopsa ngati fodya chifukwa IARC inaziika m'gulu limodzi la zinthu zoyambitsa khansa, dziwani kuti akukokomeza. Gululo limasonyeza kulimba kwa umboni, osati kukula kwa ngozi.

Kafukufuku wa EPIC-Oxford ku Britain, wofalitsidwa mu 2019, anapeza kuti osadya nyama amadwala mtima mochepa ndi 22 peresenti poyerekeza ndi odya nyama, koma sitiroko imawagwira mochuluka ndi 20 peresenti. Pokangana za nyama, aliyense amangotchula theka lomukomera. Komanso kafukufuku wotere amangotsatira anthu mmene akukhalira, motero n'kovuta kulekanitsa zotsatira za chakudya ndi za makhalidwe ena, monga kusasuta.

Posayenera kuchita masewera ndi pa vitamini B12. Zomera sizipereka vitaminiyu modalirika. Chiwindi chimamusunga kwa zaka zingapo, ndiye munthu amaona ngati zonse zili bwino, mpaka pamene zala ndi mapazi zayamba kuchita dzanzi, magazi achepa, kuiwalaiwala kwayamba. Mitsempha ikawonongeka kwambiri nthawi zina sichira. Mwana woyamwa kwa mayi wosowa B12 ali pangozi yaikulu. Ngati mwasiya nyama, nsomba, mazira ndi mkaka womwe, imwani mapiritsi a B12 kapena idyani zakudya zowonjezeredwa vitaminiyu.

Ayironi (mchere wothandiza kupanga magazi) wa m'nyemba ndi masamba salowa m'thupi mosavuta. Idyerani limodzi chipatso chokhala ndi vitamini C, ndipo tiyi mumwe pakapita nthawi mutadya. Amayi oyembekezera, oyamwitsa komanso makolo a ana aang'ono ayambe aonana ndi azaumoyo asanasinthe kadyedwe.