Khonsolo ikalemba konsalitanti wa za ngozi za pamsewu, kodi ndalama zathu zikugula chiyani?

Khonsolo ikangotulutsa chidziwitso mu nyuzi kuti ikufuna kampani ya makonsalitanti yoti ikonze pulani yochepetsa ngozi m'misewu, foni yanga siipuma. Achibale, anzanga a kutchalitchi, ngakhale alamu anga amene amayendetsa minibasi, funso lawo ndi limodzi: mamiliyoni onsewo kulipira munthu kuti adzatiuze zoti pa Chipembere Highway anthu amagundidwa? Nanga si tikudziwa kale? Bwanji osangogula simenti n'kumanga mahampu basi? Ine ndine injiniya wa misewu ndipo ndagwirapo mbali zonse ziwiri, ku khonsolo komanso ku kampani zolembedwa ntchitozo, ndiye ndikuuzani mmene ndimazionera. Sikuti ndikuikira kumbuyo anzanga ayi, ena mwa ife timadyadi ndalama zaulere.

Tiyambe ndi chifukwa chimene khonsolo imafunira munthu wakunja. Chikhazikitsireni lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, makhonsolo anasenzetsedwa katundu wambiri, koma anthu osenza ndi ochepa. Injiniya wa khonsolo ya boma m'mawa akuyang'ana buloko ya sukulu, masana mlatho umene wakokoloka, madzulo mitini ya makhansala yokangana za shedi ya pamsika, ndiye mukufuna munthu yemweyo akaime m'mbali mwa msewu masabata 2 kuwerenga magalimoto? Sizingatheke. Komanso za ngozi ndi luso lakelake, munthu akhoza kukhala katswiri wothira phula koma osadziwa chifukwa chimene ana amagundidwira pa geti ya sukulu.

Ntchito yeniyeni ya konsalitanti wabwino ndi yonyozeka kwambiri: kuwerenga. Ndikukumbukira tsiku lina ndinaima pa sukulu ina ya pulayimale kuyambira 6 koloko m'mawa, kuzizira kwa mu June kuja, kabuku m'manja, mnzanga ali ndi kachipangizo koyezera liwiro. Khonsolo inali itapenta kale zebura yokongola, mizere yoyera yowolokerapo anthu, pa geti penipeni. Mwa ana onse amene tinawerenga, owolokera pa zebura anali ongowerengeka pa zala. Ena onse amawolokera chakumtunda, patali ndithu, pamene kanjira kochokera kumudzi kamatulukira mumsewu, ndipo pomwepo pali mayi wogulitsa mandasi ndi zitumbuwa. Mwana wa Sitandade 2 sangayende m'mbali mwa phula kukafuna mizere yoyera, amadumpha pamene njira yamufikitsa. Ndipo pamalo pamenepo m'pamene maminibasi amaima kutsitsa anthu, mwana amatulukira kuseri kwa minibasi ngati kalulu, dalaiva wochokera mbali inayo osamuona mpaka wafika pabampala. Aliyense m'deralo amadziwa kuti "pa sukulu m'poopsa", zoona, koma malo enieni, ola lenileni ndi chifukwa chake palibe anali atazilemba. Zimenezi n'zimene khonsolo imayenera kugula.

Kenako pali nkhani ya mabuku a ngozi. Konsalitanti amapita ku polisi ya trafiki kukatenga zolembedwa za zaka 3 kapena 5, ndipo apa m'pamene mutu umayamba kupweteka chifukwa malo a ngozi nthawi zambiri amalembedwa kuti "pa M1 pafupi ndi trading centre yakuti", ndiye pafupi ndi pati, mamita 50 kapena makilomita 2? Ngozi zambiri za kabaza sizifika n'komwe ku polisi, anthu amangomvana pompo, wovulala amukweza pa njinga ina kupita naye kuchipatala, nkhani yatha. Choncho wodziwa ntchito amapitanso kuchipatala, amacheza ndi tcheyamani wa akabaza pa siteji, mavenda, ahedi a sukulu, amfumu. Amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu amadziwa malo a ngozi kuposa kompyuta iliyonse, amakuuza mpaka mtundu wa galimoto ndi tsiku la msika limene zinachitika.

Nanga bwanji timalimbikira kuyeza liwiro? Masamu ake ndi ophweka. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 14 pa sekondi imodzi, pamene ya makilomita 30 pa ola imadutsa mamita 8 okha. Dalaiva asanaponde n'komwe buleki sekondi imodzi yapita kale. Bungwe la za umoyo padziko lonse la WHO limati liwiro la magalimoto pamsewu likakwera ndi 1 peresenti yokha, mpata wa ngozi yakupha umakwera ndi 4 peresenti, ndipo lipoti lawo la 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa m'misewu chaka chilichonse padziko lonse. N'chifukwa chake msonkhano wa nduna ku Stockholm mu February 2020 unalimbikitsa makilomita 30 pa ola m'malo amene anthu oyenda pansi amasakanikirana ndi magalimoto. Maganizo amenewa anazika mizu ku Sweden, kumene mu 1997 nyumba ya malamulo inavomereza ndondomeko yotchedwa Vision Zero, yoti munthu adzalakwitsa ndithu, ndiye msewu umangidwe moti kulakwitsa kwake kusamuphe. Kwathu kuno timakonda kunena kuti dalaiva anali woledzera, woyenda pansi anali wosasamala, nkhani yathera pomwepo, msewu umene unawakumanitsa osaufunsa kanthu.

Tsono za mahampu amene alamu anga amafuna. Hampu ndi mankhwala amphamvu, koma monga mankhwala ena onse pamafunika mlingo. Ikakhala yaitali kwambiri kapena yosongoka, yopanda penti, yopanda chikwangwani, usiku imagwetsa wa kabaza ndi pasinjala wake, ambulansi imavutika, ndipo madalaiva amaizemba podutsa m'mbali mwenimweni mmene anthu amayenda. Mukaiika pamalo otsika osaganizira ngalande, mvula ikagwa madzi amadikha, phula limaphulika, chaka chamawa pali dzenje. Chimodzimodzi milatho ya m'mwamba ya anthu oyenda pansi, imadya ndalama zankhaninkhani koma agogo, mayi wapakati kapena munthu wosenza thumba la makala sakwera masitepe amenewo, amangodutsa pansi pomwepo. Ine pandekha sindiikonda, ndipo ndinakanganapo ndi mabwana chifukwa cha zimenezi.

Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti si msewu uliwonse wodutsa m'boma lanu uli wa khonsolo. Misewu ikuluikulu ngati M1 ili m'manja mwa Roads Authority, ndipo ndalama zokonzera zimadutsa ku Roads Fund Administration, mabungwe amene anabadwa ndi malamulo a 2006. Ndalamazo zimachokera ku levi ya pa mafuta komanso ma toll gate ngati a pa Chingeni ndi pa Kalinyeke. Ndiye taganizani za msika wa m'mbali mwa M1 ngati pa Lizulu: msika ndi wa khonsolo, msewu ndi wa Roads Authority, malamulo a magalimoto ali ku Road Traffic, wogwira olakwa ndi wapolisi. Pulani imene sinakhazike anthu onsewa pa tebulo limodzi ndi pepala chabe, chifukwa khonsolo singangodzuka n'kukumba msewu wa eni ake.

Koma pamene zinthu zimaonongekera kwambiri ndi koyambirira, pa chikalata chofotokoza ntchito chimene timangochitchula kuti TOR. Khonsolo ikalemba kuti "tikonzereni pulani ya chitetezo cha pamsewu" basi, idzalandira buku la masamba 200 lodzaza mawu okoma ndi zithunzi za ku Amsterdam. Ikalemba kuti tikufuna malo 10 oopsetsetsa, liwiro loyezedwa pamalo aliwonse, zojambula zoti kontrakitala akhoza kumangira, mtengo wa chilichonse, komanso kuti muphunzitse mainjiniya athu, pamenepo ndiye yagula chinthu. Posankha kampani malamulo ogulira katundu ndi ntchito za boma amatsatidwa, bungwe loona za kagulidwe ka zinthu za boma la PPDA likuyang'anira, ndipo pa ntchito zotere kawirikawiri mamalikisi ambiri amapita ku luso, mtengo umabwera pambuyo, nthawi zambiri 80 kwa 20. Vuto ndi lakuti kampani imaika CV ya katswiri wa zaka 25 pa ntchito, ikangowina tenda katswiriyo simumuonanso, amene amabwera ndi mnyamata wongomaliza kumene sukulu ndi laputopu. Ndinaonapo ndi maso angawa lipoti limene pa tsamba lina anaiwala kufufuta dzina la tauni ya dziko lina kumene analikopera. Ndipo ku ofesi ina ndinapeza lipoti limene ine mwini ndinatuluka nalo thukuta ataliika pansi pa sikirini ya kompyuta kuti ikwere pang'ono, bwana khosi limawapweteka. Sindinayankhule, ndinangomwa tiyi wanga.

Sikuti zonse zimathera pa shelefu. Ku Dar es Salaam bungwe la Amend linkayendera masukulu a pulayimale amene ana ake amagundidwa kwambiri, n'kuwerenga ngati mmene ndafotokozera muja, kenako n'kumanga tinthu totsika mtengo: mahampu oyezedwa bwino, tinjira ta oyenda pansi, zikwangwani, pena kungosuntha geti ya sukulu kuti isayang'ane kumsewu waukulu. Kafukufuku amene anachitika pambuyo pake anapeza kuti kuvulala kwa ana kunatsika ndi 26 peresenti. Chinsinsi chinali chakuti ndalama yowerengera ndi ndalama yomangira zinali m'thumba limodzi. Ife timapeza ndalama ya lipoti kwa mabungwe opereka thandizo, ndalama ya simenti tizidzaona chaka chamawa, chaka chamawacho chikafika mitengo yakwera kawiri ndipo khansala amene ankaikankha nkhaniyo anagwa pa chisankho.

Ndiye mukamva kuti khonsolo yanu yalemba konsalitanti, musathamangire kukwiya pa Facebook, pitani kwa khansala wanu kapena ku komiti ya chitukuko cha m'dera ya ADC mukafunse zinthu zitatu izi. TOR ikuti apereke chiyani? Adzabwera liti kudzacheza ndi ife, ndipo adzabwera m'mawa ana akupita kusukulu komanso tsiku la msika, kapena adzangodutsa masana pa galimoto ya magalasi akuda? Ndipo mu bajeti ya chaka chino muli ndalama zingati zomangira zimene adzanenezo? Funso lachitatuli likayankhidwa ndi kutsokomola, dziwani kuti lipotilo likupita pansi pa sikirini.

Za pa sukulu paja, tinalemba kuti zebura isamukire pa kanjira ka mandasi, ikhale yokwera ngati hampu, ndipo siteji ya minibasi isunthire kutsogolo kuti ana azioneka. Zebura anaisamutsadi patatha zaka 2. Siteji ikadali pomwepo, makondakitala anakana kuti kutsogoloko kulibe mapasinjala.