Zaka 6 za Augustus Tolton ku seminale ya ku Roma

Chiyambire 2019, pamene Papa Francis anavomereza kuti Bambo Augustus Tolton, wansembe wachikuda wa ku America, anakhala moyo wa makhalidwe oyera, Akatolika a ku America akudikira chozizwitsa choti atchedwe wodala. Ambiri amakamba za ukapolo umene anabadwiramo ku Missouri mu 1854. Nkhani yofala imati mayi ake anathawa ndi ana kuwoloka mtsinje wa Mississippi mpaka ku Quincy, mzinda wa ku Illinois, pomwe zidzukulu za eni akapolowo zimati anachita kumasulidwa. Koma chimene chinamuumba ndi seminale.

Maseminale a kwawo atamukana chifukwa cha khungu, anafika ku Roma mu March 1880 nalowa Collegio Urbano, sukulu imene Papa Urban VIII anakhazikitsa mu 1627 pansi pa Propaganda Fide, nthambi ya Mpingo yoyang'anira ntchito za umishonale. Anavala ngati anzake onse: mkanjo wakuda, lamba wofiira. Tsiku linkayendera belu: kusinkhasinkha, Misa, kenako kalasi. Zaka 2 zinali za filosofi, 4 za maphunziro a zaumulungu, zonse m'Chilatini, kotero wofooka pa chinenerochi ankatsalira ngakhale akhale wanzeru. Ophunzira ankagawidwa m'timagulu totchedwa camerata, lililonse ndi woyang'anira wake, ndipo mumzinda ankayenda pagulu, osati payekha. Pa nyengo ya Epifaniya aliyense ankalakatula m'chinenero cha kwawo alendo akumvera. Mdani wamkulu anali matenda, makamaka malungo a m'nyengo yotentha.

Zambiri zokoma za masiku amenewa zimachokera m'buku la Sisitere Caroline Hemesath la 1973, limene linaikamo zokambirana zongoganizira, choncho n'lofunika kuliwerenga mosamala. Cholimba ndi lumbiro: wophunzira aliyense ankalonjeza kukatumikira kumene Propaganda idzamutume. Tolton ankayembekezera kuti adzatumidwa ku Africa basi, ndipo ankakonzekera zimenezo.

Apa ndi pamene zinatembenukira. Kadinala Giovanni Simeoni, mkulu wa Propaganda, analamula kuti Tolton abwerere kwawo, kuti zioneke ngati America inalidi dziko lotsogola monga inkatchukira. Tolton anadzozedwa unsembe pa 24 April 1886, Loweruka Loyera, m'tchalitchi cha St John Lateran, ndipo m'mawa mwake anachita Misa yoyamba m'tchalitchi cha St Peter's ku Vatican. Munthu amene kwa zaka 6 anadya tebulo limodzi ndi anyamata a mitundu yonse anabwezedwa ku Quincy, kumene wansembe mnzake wachizungu anamuvutitsa chifukwa azungu ankakhamukira ku Misa yake. Mu 1889 anasamukira ku Chicago.