Ng'ona yoikira mazira m'mulu wa udzu

Wokulira m'mbali mwa Shire amadziwa kuti ng'ona ikafuna kuikira imakumba mumchenga n'kukwirira mazira ake. Ku South America kuli mtundu wina wa ng'ona umene suchita choncho. Yaikazi imatuta udzu, bango, masamba ndi matope, n'kuunjika mulu wonga wa manyowa a kompositi, mazira n'kuwaika m'kati mwa muluwo. Asayansi timaitcha Caiman latirostris. Ku Argentina amati yacaré overo, pomwe ku Brazil amati jacaré-de-papo-amarelo, kutanthauza ng'ona ya pakhosi pachikasu. Imapezekanso ku Uruguay, Paraguay ndi Bolivia.

Si chimphona ayi. Zambiri zimatalika mamita awiri kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo zazikazi zimachepera zazimuna. Chimene mungaidziwire msanga ndi mlomo wake waufupi koma wotakata kwambiri, woyenera ntchito yophwanya zolimba. Nkhono zam'madzi ndi nkhasi imazitswanya ndi zigoba zomwe, ngakhale nsomba, mbalame ndi tinyama tina imadyanso. Sikonda mtsinje wothamanga. Kwawo ndi m'madambo owirira, m'matamanda, ngakhale m'madamu amene anthu amakumba kuti ng'ombe zizimwapo.

Koma moyo wonse wa nyamayi wagona pa chisa chija. M'chigawo cha Santa Fe ku Argentina zimaikira cha mu Disembala ndi Januwale, kukatentha, ndipo chisa chimodzi chimakhala ndi mazira pakati pa 20 ndi 50. Mayi sakhalira mazira ngati nkhuku. Amafunditsa ndi dzuwa pamodzi ndi udzu umene ukuwola, iye n'kumangolondera chapafupi kwa masiku pafupifupi 70. Kutentha kwa m'muluwo sikungokhwimitsa mazira chabe, ndiko kumagamula ngati mwana adzakhale wamwamuna kapena wamkazi. Ofufuza a ku Santa Fe atayesa, adapeza kuti pa madigiri Celsius 29 mpaka 31 mumatuluka zazikazi zokhazokha, pa madigiri 33 zazimuna. Madigiri awiri okha amasintha ana onse a m'chisa kuchoka pa aakazi kukhala aamuna. Ichi ndi chifukwa chake kusintha kwa nyengo kumatidetsa nkhawa ife ogwira ntchito za nyama zotere.

Nthawi yoswa ikakwana, ana amalira akadali m'dzira. Mayi akamva amafukula mulu uja, ndipo ena amawanyamula m'kamwa kupita nawo kumadzi. Kamwa lomwe lija lophwanya chigoba cha nkhasi limanyamula kamwana kanthete osakakanda n'komwe.

Ngakhale mayi amayesetsa chotere, ambiri sakula. Madzi akasefukira chisa chimamira. Abuluzi akuluakulu otchedwa tegu, amene amakhala ngati ang'anzi athu pa nkhani yakuba mazira, amafukula zisa. Nyerere zofiira zoluma zimalowa m'dzira likangong'aluka. Opulumuka amakumana ndi akakowa, kenako chisanu cha mu Juni ndi Julayi, chimene kumeneko chimaluma kuposa cha ku Dedza. Pamwamba pa zonsezi panabwera alenje. Chikopa cha ng'ona iyi chili ndi timafupa tochepa poyerekeza ndi abale ake, motero n'chofewa ndiponso chodula. M'kati mwa zaka za m'ma 1900 idasakidwa mpaka kusowa m'malo ambiri, ndipo malonda ake pakati pa mayiko adatsekedwa pansi pa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire.

Chimene chidachitika ku Santa Fe kuyambira mu 1990 ndicho ndimafuna aliyense wokonda nyama achimvetse. Dokotala wa ziweto Alejandro Larriera ndi anzake adayambitsa ntchito yoteteza ng'onazi yotchedwa Proyecto Yacaré. Ganizo lawo linali lakuti, popeza mazira ambiri amawonongeka okha kutchire, kuwatenga sikuvulaza mtundu ngati mmene kupha mayi wamkulu kumavulazira. Odziwa kumene zisa zili ndi oweta ng'ombe a m'madambomo, anthu oyenda pa akavalo, ena mwa iwo alenje akale. Adayamba kulipidwa chifukwa cha zisa zimene apeza.

Ntchito yotola mazira imafuna manja odekha. Munthu amachotsa udzu pang'onopang'ono, ndipo asananyamule dzira amalemba chizindikiro pamwamba pake. Mluza umamatirira kumtunda kwa chigoba masiku oyambirira, choncho ukalitembenuza dziralo wapha mwana. Amaliika m'chotengera momwe linagonera, n'kulifunditsa ndi udzu wa m'chisa chomwecho. Akafika nawo, mazira amaswa m'chipinda chofunda, ana n'kuleredwa mpaka chisanu chitadutsa. Kenako gawo lina limabwezedwa ku dambo lomwe mazirawo adachokera, atalidula timamba ta kumchira ngati chizindikiro, ndipo otsala amawetedwa kuti apereke zikopa ndi nyama. Patapita zaka, zazikazi zodulidwa timamba zija zidapezeka zikulondera zisa zawozawo kutchire.

Mu 1997, pa msonkhano wa CITES umene udachitikira ku Harare, mayiko adalola Argentina kugulitsa zikopa zochokera ku ulimi wotere. Lero bungwe la dziko lonse loona zoteteza chilengedwe la IUCN limaika ng'ona iyi m'gulu la nyama zosadetsa nkhawa kwambiri.

Ndikudziwa kuti ena mtima suwalola kumva kuti nyama ikutetezedwa pogulitsa chikopa chake, ndipo sindiwanyoza. Koma taganizirani za woweta ng'ombe uja. Kale akaona ng'ona yaikazi amaona chikopa chimodzi chogulitsa kamodzi. Tsopano amaona mayi amene amubweretsere ndalama chaka ndi chaka, ndipo salola mnzake kumupha kapena kutentha bango la pachisa.

Nkhawa yanga ili poti mdani wa lero sayenda ndi mfuti. Madambo akukumbidwa ngalande kuti aume, alimidwe soya ndi mpunga. Mankhwala opopera m'minda amagwa m'miyezi yomweyo imene mazira ali m'chisa, ndipo ofufuza a ku Santa Fe adaona kuti mankhwala ophera udzu a glyphosate amawononga maselo a ana akadali m'dzira. Vuto linanso n'lakuti mtengo wa zikopa ukagwa, ndalama yolipira opeza zisa imachepa, pomwe mlimi wa soya ali chire ndi ndalama zake kufuna dambo lomwelo.