Mbiri ya Mkangano wa Mpweya wa Methane pa Mars

Mu Ogasiti 1969, chombo cha Mariner 7 chitangodutsa kumene pafupi ndi Mars, asayansi awiri a pa yunivesite ya California ku Berkeley, George Pimentel ndi Kenneth Herr, anauza atolankhani kuti chipangizo chawo chapeza mpweya wa methane kufupi ndi nsonga ya kum'mwera kwa pulanetiyo. Nkhaniyo inawanda msangamsanga, koma patangotha milungu yochepa eni akewo anabweza mawu, popeza chimene anaona chinali mpweya wa carbon dioxide wouma ngati ayezi. Phuma limeneli ndi limene linabala mkangano umene wakhalapo kwa zaka zoposa 50.

Chimene chimakopa anthu pa mpweya umenewu n'choti padziko lathu pano wambiri umachokera ku zamoyo. Tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'chifu cha ng'ombe, m'mimba mwa chiswe, m'matope a kudambo ndiponso m'minda ya mpunga ndi timene timaupanga. Komanso methane sakhalitsa mumlengalenga wa Mars, chifukwa kuwala kwa dzuwa kumamuphwanya m'zaka pafupifupi 300, kotero akapezeka lero ndiye kuti pali chinachake chimene chamutulutsa posachedwa. Komabe miyala nayo imatha kuchita zimenezi popanda chamoyo chilichonse. Madzi akakumana ndi mwala wa olivine pansi pa nthaka pamatuluka hydrogen, yemwe akaphatikana ndi carbon amasanduka methane. Titan, mwezi waukulu wa Saturn, uli ndi nyanja za mpweya womwewu wosungunuka, ndipo asayansi satenga nyanjazo ngati umboni wa moyo.

Nkhaniyi inabukanso mu 2004, pamene Vittorio Formisano, pogwiritsa ntchito chombo cha ku Ulaya cha Mars Express, ndi Vladimir Krasnopolsky, pogwiritsa ntchito makina oonera zakuthambo a ku Hawaii, aliyense payekha ananena kuti apeza magawo pafupifupi 10 pa biliyoni. Kuchepa kwake kumaoneka bwino tikakumbukira kuti mumpweya umene timapumawu muli magawo pafupifupi 1,900. Mu 2009 gulu la Michael Mumma wa ku NASA linalengeza kuti mu 2003 methane anafuka ngati utsi m'madera a Nili Fossae ndi Syrtis Major mpaka kufika magawo pafupifupi 45, kenaka n'kuzimiririka m'zaka zochepa. Apa ndi pamene Kevin Zahnle ndi anzake anaima nji mu 2011. Anafunsa kuti mpweya woyenera kukhala zaka mazana atatu ungathe bwanji m'zaka zitatu, ndipo anakumbutsa kuti munthu woyang'ana Mars ali pansi pano amayang'ana kudzera m'mlengalenga wathu, womwe ndi wodzaza kale ndi methane.

Ambiri ankayembekezera kuti galimoto ya NASA yodziyendera yokha ya Curiosity, imene inatera m'chigwa cha Gale mu Ogasiti 2012, idzagamula mlanduwu, koma inangouthira mafuta. Mu 2013 gulu la Chris Webster, loyang'anira chipangizo choyezera methane cha pa galimotoyo, linati silinapeze kanthu. Mu Disembala 2014 gulu lomwelo linati kwa miyezi iwiri mpweyawo unakwera kufika pa magawo 7, ndipo mu Juni 2019 chipangizocho chinawerenga magawo 21. Otsutsa analoza chala pa galimoto yeniyeniyo, chifukwa kachipinda kena ka chipangizo choyezera kanatsekera mpweya wa ku Florida, ku America, galimotoyo isananyamuke kumeneko, ndipo mpweya wa kwathuno uli ndi methane. Eni chipangizocho anayankha kuti amayeza kachipinda koyezerako kali kopanda kanthu, n'kuyezanso atalowetsamo mpweya wa pa Mars, kenaka n'kutenga kusiyana kwake, mwakuti mpweya wa ku Florida sulowa m'chiwerengero.

Kenaka panabwera mboni ina yosokoneza kwambiri. Chombo cha Trace Gas Orbiter, chimene bungwe la zakuthambo la ku Ulaya la ESA ndi la ku Russia la Roscosmos anatumiza mu 2016 n'cholinga chofufuza mipweya yochepa ngati imeneyi, chinayamba ntchito mu Epulo 2018, ndipo patatha chaka chinaonetsa kuti ngati methane alipo, sapitirira magawo 0.05 pa biliyoni. Mboni ziwiri zodalirika zinkatsutsana pa pulaneti imodzi. Ine ndimaona kuti pofika apa funso loti mpweyawu ukusonyeza moyo kapena ayi linali litathamangira kutsogolo, chifukwa anthu ankakangana za mwini phazi asanagwirizane ngati pansipo padindadi phazi.

Mu 2019 John Moores wa ku Canada anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi. Iye anati Curiosity imayeza usiku, mphepo itadekha, pamene mpweya wochucha m'nthaka umaunjikana pansi penipeni, pomwe chombo cha Trace Gas Orbiter chimafuna kuwala kwa dzuwa ndipo chimayeza makilomita angapo m'mwamba, kumene kutentha kwa masana kumakhala kutaumwaza kale. Curiosity itayesa kuyeza masana, sinapezedi kanthu. Koma mfundo ya Zahnle ikadali chiimire: ngati nthaka ya Gale imachucha methane usiku uliwonse, ndipo mpweyawo n'kumakhala zaka 300, bwenzi pofika pano utaunjikana mokwanira kuti Trace Gas Orbiter iuone.