Magazi a mwana wa ku Domwe amadutsa m'manja mwa ndani?

Kafukufuku wa matenda a kumtundu akafika m'boma ngati Angónia kapena Tsangano, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu amaona galimoto ndi dokotala, nkuganiza kuti ntchito yonse ili m'manja mwa iyeyo. Dokotalayo ndi mmodzi pa mzere wautali wa antchito, ndipo yankho loona kapena labodza limachokera kwambiri kwa anthu amene ali pafupi ndi mudzi. Tiyeni titsate magazi a mwana mmodzi kuchokera pakhonde la kwawo mpaka yankho litabwerera kwa mayi ake.

Titenge nthenda ya sickle cell, imene pa Chipwitikizi amati anemia falciforme. Maselo ofiira a magazi amapindika ngati chikwakwa, amatseka timitsempha, amafa msanga, ndipo mwana amamva ululu m'mafupa nkumasowa magazi. Munthu aliyense amalandira mbali imodzi ya chibadwa kwa bambo, ina kwa mayi, ndipo mwana amadwala pokhapokha mbali zonse ziwiri zikabwera ndi nthendayi. Makolo onse akakhala onyamula chabe, osadwala, pa mimba iliyonse mpata woti mwana adwale ndi umodzi mwa inayi, woti akhale wonyamula ndi iwiri mwa inayi. Mimba iliyonse imayambira pachiyambi. Banja lingabereke ana atatu odwala motsatizana, lina ana asanu ndi mmodzi popanda wodwala. Chialubino chimayenda njira yomweyi. Mu 1954 Anthony Allison anaonetsa kum'mawa kwa Africa kuti onyamula sickle cell amatetezeka ku malungo aakulu, nchifukwa chake chibadwachi chinafala m'madera a malungo.

Woyamba kugwira ntchito sagwira jakisoni. Ndi mlumikizi wa m'mudzi, nthawi zambiri munthu wa komweko amene anakhalapo APE (wothandiza za umoyo m'mudzi), mphunzitsi kapena mtsogoleri wa mpingo. Milungu ingapo galimoto isanabwere amakhala atapita kwa régulo, kwa anyakwawa, kwa akulu a mipingo ndi kwa azamba. Mphekesera za anamapopa, amene kwina amati chupa-sangue, sizinthu zoseka. Mu 2017 anthu anaphedwa kummwera kwa Malawi chifukwa cha nkhani imeneyi. Mlumikizi wodziwa ntchito amanyamula kabotolo kopanda kanthu kupita nako ku msonkhano, nkuthiramo madzi anthu akuona: mamililita 4, osadzaza ndi kasupuni ka tiyi komwe. Ngati kafukufuku akukhudza anthu achialubino, satchula dzina la banja lililonse pabwalo, ndipo galimoto siima pakhomo pawo, chifukwa m'chigawo chino anthu amenewa akhala akusakidwa.

Pambali pake pali womasulira. Chikalata chopempha chilolezo chimalembedwa m'Chipwitikizi, chimavomerezedwa ndi Comité Nacional de Bioética para a Saúde, komiti ya dziko yoteteza anthu pa kafukufuku wa zaumoyo, ndipo chimayenera kufika m'Chinyanja chomveka kwa agogo. Msampha woyamba ndi mawu akuti "majini". Wa sayansi amatanthauza timagawo ta chibadwa, koma wa kumudzi amamva mizimu yoipa, ndipo akauzidwa kuti mwana wake ali ndi majini olakwika amathamangira kwa sing'anga. Nkwabwino kunena kuti zakumtundu kapena zotengera kwa makolo. Akamaliza kumasulira, munthu wina amene sanaone chikalata choyamba amachibweza m'Chipwitikizi, ndipo pamene ziwirizo zasiyana mpamene tanthauzo lathawa. Chikalatacho chinene poyera kumene magazi akasungidwe, kwa zaka zingati, ngati adzatuluka m'dziko, ngati adzagwiritsidwenso ntchito pa kafukufuku wina, ndiponso kuti wokana salandidwa chithandizo kuchipatala. Mfumu ikalola, yalola kuti alendo alowe m'mudzi basi. Munthu aliyense amavomera yekha, ndipo wosatha kulemba amadinda chala pamaso pa mboni yosakhala ya gulu la kafukufuku.

Ntchito imene ambiri amaipeputsa, koma yofuna nzeru za kwathu kuposa zonse, ndi yojambula mtengo wa banja. Mwamuna amalembedwa ndi kabokosi, mkazi ndi kozungulira, wodwala amadetsedwa, womwalira amadulidwa ndi mzere, ndipo timafuna mibadwo itatu. Vuto lili m'mene timatchulira abale. Mwana wa mng'ono wa amayi timati mchimwene kapena mchemwali, mng'ono wa amayiwo timati amayi aang'ono, mkulu wa abambo ndi abambo aakulu. Pa chibale zonsezi nzoona, koma pa kawerengedwe ka chibadwa abale a mimba imodzi amagawana pafupifupi theka, pamene ana a abale awiri otere amagawana gawo limodzi mwa asanu ndi atatu. Wofunsa wochokera kutali akalemba "irmão" pa aliyense wotchedwa mchimwene, mtengo wonse wapotoka, ndipo palibe makina amene angauongole. Funso loyenera nlakuti, "Kodi ndi bere limodzi? Nanga bambo ndi mmodzi?" Pafunikanso kufunsa za ukwati wa chisuweni mosanyoza, popeza asuweni angatengere chibadwa chimodzi kwa agogo amodzi. Kumene kuli chikamwini, mbumba ya kuchikazi imapezeka yonse pamudzi ndipo atsibweni amaidziwa bwino, koma mbali ya bambo imakhala yoperewera chifukwa kwawo nkwina, mwinanso ali ku migodi ya ku Moatize. Wofunsa wakhama amapangana tsiku lina kuti akumane ndi wa kuchimuna. Ndipo pali funso lowawa la ana amene anamwalira ali aang'ono. Silifunsidwa pagulu, kapena mothamanga. Mayi akapatsidwa nthawi amakumbukira kuti mwanayo ankatupa manja ndi mapazi asanakwanitse chaka, maso ankachita chikasu, anamuika magazi kawiri. Zimenezi nzolemera ngati yankho la mu labotale.

Tsopano namwino kapena técnico de laboratório, woyeza magazi mu labotale. Asanabaye afunse ngati mwanayo anaikidwa magazi m'miyezi inayi yapitayi, chifukwa maselo ofiira amakhala masiku pafupifupi 120, ndipo magazi a wopereka angachititse mwana wodwala kuoneka ngati wonyamula chabe. Kabotolo koyenera nka chitsekero chofiirira, kokhala ndi EDTA, mankhwala oletsa magazi kuundana. Kobiriwira kali ndi heparin, amene amasokoneza PCR, njira ya mu labotale yoyezera chibadwa. Akatunga amakatembenuza pang'onopang'ono kasanu ndi katatu mpaka kakhumi, osakhutchumula, apo ayi maselo amasweka. Nambala imamatidwa pomwepo, mwini magazi akuona, wotsatira asanakhale pampando. Kulakwa kochuluka pa ntchitoyi kumachitika apa, pamene anthu achuluka ndipo wina waganiza zolemba mabotolo asanu nthawi imodzi.

Kwa makanda amabaya m'mbali mwa chidendene nkudontheza magazi pa khadi, monga azimayi ambiri anaonera poyeza HIV kwa ana. Dontho lidzaze bwalo lonse ndi kuonekera kuseri. Khadi liume chogona pamthunzi kwa maola osachepera atatu, kenaka lilowe m'kajumbo kotseka limodzi ndi timapaketi tokoka chinyezi. Likatsekeredwa lisanaume limachita nkhungu, makamaka m'dzinja.

Dalaivala nayenso ndi wa sayansi pa ulendowu. Bokosi lozizira liyenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, mabotolo asakhudzane ndi ayezi. Munthu amachoka ku Ulongwe kukuzizira bwino, koma akatsikira ku chigwa cha Zambezi mu Okutobala kapena Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Bokosi likaikidwa kumbuyo padzuwa, kapena galimoto ikaima maola awiri pa msika, ntchito ya sabata yonse yatha. Nchifukwa chake m'bokosi mumakhala choyezera kutentha, ndipo dalaivala amasainira ora lonyamuka ndi lofika.

Mu labotale mtundu wa hemoglobin, chimene chimanyamula mpweya m'maselo ofiira, umaoneka ndi njira yolekanitsa ndi magetsi yotchedwa electrophoresis, ndipo masiku ano kuli tizida toyezera mwachangu tofanana ndi ta malungo. Kafukufuku wozama amafuna DNA yeniyeni, mmene munalembedwa chibadwa cha munthu. Ikachotsedwa m'maselo oyera amaiyeza ukhondo pounika ndi kuwala, ndipo chiwerengero cha 260/280 chikhale pafupi ndi 1.8, chikatsika kwambiri ndiye kuti muli zotsalira. Zosunga nthawi yaitali zimapita mu firiji ya madigiri 80 pansi pa ziro, ndipo apa pakufunika mmisiri wa magetsi wodziwa jenereta ndi alamu. Zina zimatumizidwa ku Instituto Nacional de Saúde ku Marracuene kapena kunja, malinga ndi pangano lolembedwa. Ntchito yofufuza za chibadwa ndi umoyo mu Africa yotchedwa H3Africa inakhazikitsa nkhokwe zoterezi ku Nigeria, Uganda ndi South Africa kuti magazi a Afirika asungidwe ndi kufufuzidwa mu Africa momwe.

Wosunga zolembedwa amalekanitsa maina ndi manambala, kuti wa mu labotale asadziwe kuti botolo ili nla mwana wa uje. Womutsatira ndi katswiri wa bioinformatics, amene amagwira ntchito pa kompyuta ndi mapulogalamu a R ndi Python. DNA ya munthu ili ndi zilembo pafupifupi mabiliyoni atatu, ndipo sickle cell imabwera chifukwa cha chilembo chimodzi chosinthika pa kagawo ka chibadwa kotchedwa HBB, pa kromozomu 11. Asanafufuze chilichonse amayamba wayang'ana ngati DNA ikugwirizana ndi fomu. Fomu ikati mtsikana koma DNA nkuonetsa mnyamata, mabotolo anasinthana, ndipo amabwerera m'mbuyo mpaka apeze tsiku ndi tebulo pamene zinachitikira.

Yankho likatuluka limabwerera kudzera mwa mlangizi. M'mabanja ambiri mwana akamadwaladwala mlandu umagwera mayi kapena mfiti. Mlangizi amakhazika makolo onse awiri, nkufotokoza kuti nthendayi yachokera mbali zonse ndipo palibe anachimwa. Wonyamula amauzidwa momveka kuti sakudwala. Pali nthawi imene mwana amapezeka wodwala koma bambo alibe chibadwacho. Mlangizi wosaphunzira bwino angaphwasule banja ndi chiganizo chimodzi. Choyamba kukayikira ndi kusinthana kwa mabotolo, chachiwiri ndi mtundu wina wa vuto la magazi monga beta thalassaemia, ndipo nkhani ya ubambo siinenedwa ndi wa kafukufuku. Kwa mwana wodwala malangizo ndi ogwirika: penisilini tsiku lililonse kuyambira miyezi iwiri kapena itatu mpaka zaka zisanu, katemera yense, kugona m'masikito, madzi akumwa ambiri, kumufunditsa bwino m'nyengo yozizira ya ku Angónia, ndi kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo thupi likatentha. Mayi amaphunzitsidwa kupapasa kapamba kumanzere kwa mimba, chifukwa akakula mwadzidzidzi mwana angathe magazi m'maola ochepa. Kumene alipo, mankhwala a hydroxyurea amachepetsa ululu wobwerezabwereza. Kafukufuku amene amapeza ana odwala koma sanakonze kumene akawatumize sayenera kuloledwa kuyamba, ndipo mafumu ali ndi ufulu wofunsa zimenezi pa msonkhano woyamba.

Wachinyamata wofuna kulowa m'ntchitozi alimbikire biology, chemistry ndi masamu mpaka 12ª classe. Unamwino ndi maphunziro ena a zaumoyo amapezeka ku Instituto de Ciências de Saúde de Tete, ndipo UniZambeze ili ndi nthambi ya zaumoyo mumzinda wa Tete momwe. Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo imaphunzitsa biology ndi udokotala, ndipo Centro de Investigação em Saúde de Manhiça, imene inayamba mu 1996, yaphunzitsa ofufuza ambiri a dziko lino. Digiri yapamwamba ya ulangizi wa zakumtundu imaperekedwa ku Wits ku Johannesburg ndi ku University of Cape Town. Chingerezi nchofunika powerenga malipoti a sayansi, koma wodziwa Chinyanja, Chinyungwe ndi Chipwitikizi ali kale ndi chimene wochokera ku Maputo alibe. Ambiri amayamba ngati ofunsa mafunso kapena olowetsa zolembedwa mu tabuleti, ndipo pafupifupi kafukufuku aliyense amafuna satifiketi ya Good Clinical Practice, imene munthu angaipeze pa intaneti m'masiku ochepa.

Dziwani kuti ntchitozi zimayenda ndi ndalama za pulojekiti, ndipo kontrakiti imatha pulojekiti ikatha. Musanachoke pemphani kalata yotchula zimene munkagwira mwatsatanetsatane, monga kutunga magazi a makanda, kujambula mitengo ya mabanja kapena kusunga firiji. Kalata yongoti "anagwira nafe ntchito" siithandiza pofunsira malo ena. Ngati munathandiza kukonza mafunso kapena kusanthula zotsatira, funsani ntchito isanathe ngati dzina lanu lidzakhala pa lipoti lofalitsidwa, chifukwa masukulu opereka maphunziro apamwamba amayang'ana zimenezo posankha ophunzira.